Denga la Nkhokwe ya Alamu

Kwathu ku Ntchisi ukanena kuti umagwira ntchito m'sitima, anthu amayamba kukufunsa za njanji. Ukawauza kuti ayi, ndikunena sitima ya pamadzi, amakuyang'ana momvera chisoni, ngati munthu amene abale ake anamutaya. Ife ndi anthu a m'mapiri. Madzi timadziwa a m'ndowa ndi a padambo, ndipo mtsinje ukadzaza timakhala pamwala n'kumaudikira kuti uphwe. Ineyo ndinaphunzira kusambira ndevu zitamera kale, ndipo amene anandiphunzitsawo mpaka lero akandiona amayamba ndi kuseka asanandipatse moni.

Komabe nyanja ndi imene yandidyetsa. Ndinayendetsa sitima zaka zambiri, ndipo imvi zitayamba kutuluka anandipatsa ntchito ina, yoyesa achinyamata ofuna udindo woyendetsa sitima. Mayeso a papepala amayesa ena. Anga ndi a pamadzi. Ndimaima kumbuyo, manja m'thumba, n'kumaonerera munthu akuchotsa sitima padoko, kuitembenuza, kenako kuibwezera padokopo osaligunda.

Zimamveka zophweka kwa amene anazolowera galimoto. Koma sitima ilibe mabuleki. Ukazimitsa injini imangopitabe. Ukaikhotetsa imayamba yaganiza kaye, ndipo ikavomera, mutu umapita uku matako akupita uko. Mphepo nayo imakhala ndi maganizo ake. Chinanso chimene anthu sadziwa n'chakuti woyendetsa sitima sagwira chiwongolero. Chiwongolero chili ndi munthu wake, zingwe zili ndi anthu ake, injini ili ndi anthu ake. Woyendetsayo zida zake ndi maso ndi pakamwa. Amapereka lamulo lalifupi, lomveka, ndipo wolilandira amalibwereza mokweza kuti onse adziwe kuti lamveka bwino.

Ndiye ife oyesa tili ndi kachinyengo kathu. Nthawi zina timanong'oneza munthu wa pachiwongolero kuti alakwitse dala. Akauzidwa kumanja, iye apotoze kumanzere. Timafuna tione ngati woyesedwayo aona, ndipo akaona, ngati alankhula nthawi ikadalipo. Ambiri amaona. Amene amagwa, amagwera pa kulankhula.

Mwana wa mlongo wanga anagwera pomwepo.

Mlongo wangayo anakwatiwa ku Nachisaka, ku Dowa, ndipo mtsikanayu ndi mwana wake woyamba. Amene anamusokoneza mutu ndi nkhani za kunyanja ndine, sindikana. Anakhoza bwino kusukulu, anapita kukaphunzira za sitima, ndipo pa mayeso a papepala ankasiya anyamata kutali. Tsiku la mayeso a pamadzi sindinaloledwe kumuyesa poti ndi m'bale wanga. Anamuyesa mnzanga wina, amene madzulo ake anandiimbira foni akuseka ndi kudandaula nthawi imodzi.

Anati mtsikanayo anachotsa sitima padoko ngati wabadwira momwemo. Mphepo anaiwerenga bwino, kutembenuza anatembenuza bwino. Pobwerera kudoko, mnzangayo anatsinzinira diso munthu wa pachiwongolero, bambo wachikulire wa mutu woyera, ndipo bamboyo anapotoza kolakwika. Mtsikanayo anaona nthawi yomweyo. Anayandikira, n'kupinda mawondo pang'ono, n'kunena chapansipansi kuti pepani abambo, kaya ndi iye amene sakuona bwino, koma zikukhala ngati chiwongolero chapita kwina. Bamboyo ananamizira kusamva. Iye anabwerezanso, ndi pepani wina pamwamba. Pamene ankamaliza ulemu wakewo, doko linali litafika pamphuno, ndipo mnzanga analanda sitimayo.

Sindinadabwe. Ndikuidziwa nyumba imene anakuliramo. Alamu anga, bambo ake, ndi mphunzitsi wopuma, mkulu wa mpingo, munthu amene anaphunzira ku Mvera ndipo safuna kuti muiwale. Amalima chimanga ndi fodya atapisira malaya. Pakhomo pawo mwana salankhula ataimirira, sayang'ana wamkulu m'maso, ndipo wamkulu akanena kuti mbuzi iyi ndi nkhosa, mwana amadikira alendo apite kuti afunse. Ana awo anthu amawayamikira dera lonselo, ndipo alamu ulemu umenewu amaunyadira kuposa fodya wawo.

Za sitimazi iwo sanazikonde chiyambire. Atamva kuti mwana walephera, anagamula mofatsa, monga amachitira, kuti akayesenso kamodzi. Akakalepheranso abwere kumudzi akaphunzire uphunzitsi, ntchito ya anthu. Mtsikanayo anavomera atagwada. Ndipo ndinkadziwa kuti akalephera adzabweradi, osadandaula, n'kukhala mphunzitsi wabwino wosasangalala moyo wake wonse. Zimenezi zinandipweteka mtima kwambiri.

Ndinatenga tchuthi nthawi yokolola itangotha, mwezi wozizira uja mphepo imawomba m'mapiri ngati ili ndi mlandu ndi munthu. Nditaona zakwathu ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku Nachisaka. Ndinapeza mtsikanayo ali pakhomo, akuthandiza mayi ake kuswa mtedza, ataonda nkhope. Anandilandira chikwama ndi manja awiri, n'kundifunsa za ulendo ndi mawu oti munthu uchite kutchera khutu. Ndinamufunsa ngati mawu ake ena anawasiya kunyanja kuti asathe. Anangomwetulira.

Masana amenewo tinakhala pakhonde ndi alamu, tikudya mbatata yootcha, ndipo ndinawafotokozera mmene mayeso aja anayendera, ndi kachinyengo kathu komwe. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati amenewo si mayeso koma msampha. Mwana woleredwa bwino sadzudzula munthu wa imvi pagulu, ndipo ngati ntchito yathu imafuna ana amwano, tikawafune kwina. Ndinawayankha kuti doko silidziwa kuti mwana analeredwa bwanji. Ndinawauza kuti m'sitima mumakhala amayi obereka ana, odwala opita kuchipatala, ana asukulu, ndipo onsewo moyo wawo umakhala pakamwa pa munthu mmodzi. Pakamwapo pakachedwa chifukwa cha ulemu, ulemuwo upha anthu. Alamu anasenda mbatata ina, n'kuyamba nkhani ya mitengo ya feteleza.

Tsono alamu ndi mmodzi mwa anthu ochepa amene akusungabe chimanga m'nkhokwe. Anzawo onse anasamukira ku matumba, koma iwo amati chimanga cha m'thumba sichipuma. Chaka chimenecho anali ataluka nkhokwe yatsopano, yaikulu mochititsa manyazi oyandikana nawo, ndipo denga lake analimangira kumunsi, kufupi ndi dambo, kumene kunali nsungwi ndi udzu. Analifolera komweko. Chimene chinatsala n'kulinyamula kukwera nalo mtunda, kudutsa pakati pa khitchini ndi khola la mbuzi, kukhota pachigafa cha fodya, n'kukaliveka pankhokwe. Anali ataitana kale anthu oti adzathandize m'mawa mwake, ndipo mlongo wanga anali ataphika thobwa.

Nditapita kukaliona dengalo ndinaseka ndekha. Chinthu cholemera, chachikulu, chogwira mphepo, chopanda mabuleki. Onyamula amalowa pansi pake, udzu n'kuwaphimba kumaso, moti amangoona mapazi awo. Pamafunika munthu mmodzi kunja woti aziwauza kopita. Ndinali nditapeza sitima pakati pa mapiri a Dowa.

Ndinauza alamu kuti mawa wotsogolera denga akhale mwana wawo. Anandiyang'ana ngati ndapempha kuti mbuzi ilalikire. Anati ntchito imeneyo amaigwira okha chaka ndi chaka, ndipo amene akubwerawo ndi akulu a mpingo anzawo, si anthu oti azilamulidwa ndi mtsikana. Ndinawakumbutsa mwanthabwala kuti pa mwambo wathu mwanayo mwini wake ndi ine, malume ake, iwo anangothandiza. Mlongo wanga anaseka m'khitchini. Alamu anati chabwino, koma denga likagwa, udzu wina ndikamwete ineyo amene ndayambitsa zimenezi.

M'mawa anthu anafika dzuwa litakwera pang'ono, kukuzizirabe. Panali akulu a mpingo, mkulu wa kwaya, ndi gogo wina wamfupi amene palibe anamuitana koma sakanatheka kumubweza. Ndinawasonkhanitsa n'kuwaphunzitsa malamulo a m'sitima: palibe kusuntha phazi popanda lamulo lomveka, ndipo lamulo likaperekedwa, alibwereze mokweza. Zobwerezazo anazikonda kwambiri, poti ndi anthu ozolowera kuyankha m'tchalitchi. Gogo uja anafunsa ngati pamapeto pake azinena ameni.

Tinalowa pansi pa denga. Alamu anatenga kutsogolo chakumanja, ine ndinaima pambali pawo, gogo anakakamira mbali ya kumunsi. Maganizo anga anali akuti tikafika pakhola ndilakwitse dala, ndione ngati mtsikanayo andidzudzula. Ndinkadziwa kuti ndi mayeso opepuka, poti malume amene umaseka naye savuta kumukalipira, koma ndinati tiyambire pomwepo.

Tinadikira. Kunja kunamveka kamawu kakuti mwina tikhoza kuyamba, ngati onse akonzeka. Palibe anasuntha. Mkulu wa kwaya anafunsa pansi pa udzu ngati limenelo linali lamulo kapena pemphero. Anthu anaseka mpaka denga linagwedezeka. Kenako tinamva, mokwezako pang'ono: "Nyamulani." Tonse tinayankha kuti nyamulani, ndipo denga linadzuka.

Pamtunda paja mtsikanayo anandisangalatsa. Gulu silinkamuvuta, chifukwa lamulo lopita kwa onse silikhala ndi nkhope. Ankayenda chobwerera m'mbuyo patsogolo pathu, ndipo ndinkangoona mapazi ake ndi m'mphepete mwa chitenje. Mphepo itabwera kuchokera kudambo anaiona pa udzu wa m'munda isanatifike, n'kutiuza titsitse mbali imene imachokera. Potiimitsa ankalamula tisanafike pamalopo, podziwa kuti chinthu cholemera sichiima pamene wachiuza. Mumtima ndinkangoti mwana uyu ntchito amaidziwa.

Tinafika pampata wa pakati pa khitchini ndi khola. Mpatawo ndi wopapatiza, ndipo kuseri kwa khola nthaka imatsetsereka. Analamula kuti tipite kumanzere pang'ono. Tonse tinabwereza. Ndinakonzeka kuti ndiyambe chinyengo changa, koma ndisanaponde, ndinamva denga likundikoka. Alamu anali akupita kumanja, molunjika nsanamira ya khola.

Denga linayamba kupendekeka. Kulemera konse kunathamangira mbali ya kumunsi, ndipo ndinamva gogo uja akubuula. Mbuzi zinayamba kulira. Kunja kunamveka mawu aang'ono aja, amene mnzanga anandifotokozera pafoni.

"Abambo, pepani, kaya mwina..."

Alamu anapondanso kumanja. Udzu wa m'mphepete unayamba kukhuza nsanamira. Ndinatsegula pakamwa kuti ndilande sitimayo, monga timachitira, koma sindinapeze mpata.

"Abambo, mwalakwa njira. Imani pomwepo. Bwererani kumanzere."

Mawu amenewo sindinkadziwa kuti ali nawo. Sanali okalipa, koma anamveka mpaka kumsewu. Pansi pa denga panangoti zii. Akulu a mpingo onse anaima ndi katundu pamapewa, aliyense akuyang'ana mapazi ake. Kenako pambali panga panamveka mawu a alamu, okweza, omveka bwino, ngati akuwerenga vesi.

"Ndaima. Ndikubwerera kumanzere."

Denga linawongoka. Tinadutsa pampatapo udzu ukungopsopsona khoma la khitchini, tinakhota pachigafa, ndipo pankhokwe anatiimitsa pamalo ake enieni. Tinalikweza ndi mitengo ya mphanda, linakhala bwinobwino ulendo woyamba womwewo.

Potuluka pansi pa udzu anthu anapeza malilime awo. Mmodzi anafunsa alamu ngati khola limenelo analimanga usiku wathawu, poti akuoneka kuti sakulidziwa. Wina anati wakhala nawo mu mpingo zaka zonsezi osaonapo munthu akuwauza kuti alakwa, ndipo lero akagona tulo tabwino. Gogo uja, akudzisisita phewa, anati ameni. Alamu sanaseke. Anakhala pampando wawo, n'kudzichotsa udzu m'tsitsi. Mwana wawo anabwera ndi madzi osamba m'manja, n'kugwada. Iwo anasamba osamuyang'ana.

Pambuyo pake ndinamupeza kuseri kwa khitchini akulira. Anati wachititsa bambo ake manyazi pamaso pa anzawo, ndipo ngati ntchito ya sitima ndi yotere, kuli bwino akaphunzire uphunzitsi. Ndinamufunsa kuti akanakhala chete, gogo uja akanakhala kuti panopa. Ndinamufunsanso ngati denga lili pankhokwe kapena m'khola la mbuzi. Anapukuta maso n'kunena kuti lili pankhokwe.

Panali china chimene ndinkafuna kumuuza, koma sindinamuuze. Pansi pa denga paja ndinali pafupi ndi alamu, ndipo ndinaona zimene ena sanaone. Munthu wolakwitsa zenizeni amayenda ndi liwiro lake lomwelo, chifukwa amakhulupirira kuti akulondola. Alamu ankachepetsa mapazi poyandikira nsanamira. Anali ataweramitsa mutu, diso limodzi pansanamira, lina pamapazi a mwana wawo, akuyeza mpata umene watsala. Ndaona anthu a pachiwongolero akuchita zimenezi kambirimbiri, poti ndine amene ndimawatuma. Alamu analakwitsa dala, ndipo anasankha kutero pamaso pa anthu amene amawalemekeza kwambiri.

Pamene alamu ankandiperekeza madzulo ake ndinayamba kuti ndiitchule nkhaniyo. Anandidula ndisanafike pakati.

"Alamu, zimene munaona pansi pa denga zikhale za pansi pa denga. Akadziwa, adzati anakalipira munthu wosewera."

Ndinavomera. Ndikuzilemba lero chifukwa mtsikanayo anazindikira yekha patapita nthawi, atayamba kuona machenjera omwewo kuntchito.

Malipiro ake alamu analipira ndithu. Mlongo wanga anandiuza kuti kwa milungu ingapo, akamalowa m'tchalitchi kupita kumpando wa akulu, pankapezeka wina wonong'ona kuti kumanzere, abambo, ndipo mabenchi ankagwedezeka. Kwa munthu amene sanasekedwepo chiyambire uphunzitsi wake, zimenezi sizinali zazing'ono. Sanadziteteze ngakhale kamodzi.

Tsiku loti mtsikanayo abwerere kunyanja ndinabweranso kuti tiyendere limodzi. Masiku onsewo iye ndi bambo ake ankangopatsana moni. Tikunyamuka, alamu anatenga chikwama chake n'kuchinyamula okha mpaka kumsewu, chinthu chimene sanachitirepo mwana aliyense. Akabaza atafika, mtsikanayo anayamba kugwada m'fumbi kuti atsanzike. Anamugwira pamkono n'kumuimiritsa.

"Bambo wa pachiwongolero uja ali ndi ana?" anafunsa.

Iye anati ali nawo, ndi zidzukulu zomwe.

"Ndiye akafuna kulakwa, ukamuuze ngati mmene unandiuzira ine. Akafike kwawo wamoyo. Kugwada udzagwada ukabwera kuno."

Mtsikanayo anangoti chabwino abambo, n'kukwera panjinga.

Mayeso anamuyesanso mnzanga yemwe uja, tsiku la mphepo ya mwera, nyanja itakwiya pang'ono. Ine ndinali padoko, ndikunamizira kuyang'ana zingwe. Sitima inabwera bwino, kenako ndinaona mutu wake ukuyamba kupatuka, ndipo ndinadziwa kuti diso latsinzinidwa. Sizinatenge nthawi. Mawu aja anatuluka pawindo n'kudutsa pamadzi, moti amayi ogulitsa nsomba padokopo anatembenuka. Mutu wa sitima unabwerera, ndipo inadzagona padoko mofatsa. Bambo wa mutu woyera uja potsika anandiuza kuti makutu akumulirabe, koma ankaseka.

Chaka chotsatira, nthawi yokolola, anthu anavula denga lija kuti athire chimanga chatsopano, n'kuliika pansi pambali pa nkhokwe. Kulibwezera inali ntchito yaing'ono, yongokweza basi, yosafuna wotsogolera. Koma mlongo wanga anandiimbira foni akudandaula kuti chimanga chili pamtetete, nkhuku zikuchita phwando, mitambo ya chisanu ikuopseza, ndipo bambo a m'nyumbamo akukana kuitana anthu. Ndinawapempha kuti ndilankhule nawo. Ndinawafunsa alamu chimene akudikira.

Anati mwana wawo tchuthi chake chiyamba sabata yamawa, ndipo iwo pansi pa denga salowanso popanda woyendetsa.